Ici Cakoma, Ici Cakoma: Mlandu wa Malungo ku Nyanja ya Salima

Makolo athu anatisiyira mwambi wa pusi amene anaona zipatso pa nthambi iyi ndi pa nthambi iyo, nafuna kuzigwira zonse nthawi imodzi: ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Mwambi umenewu tiufuna lero pa nkhani ya matenda ndi ndalama. Pakuti zabwino zimene dziko lingacitire odwala ace ziri zambiri, ndipo palibe cimodzi mwa izo cimene ciri coipa. Koma thumba la dziko lathu ndi laling'ono, ndipo wofuna kugula zonse ndi thumba lotere abwerako ku msika wopanda ndi cimodzi comwe cokwanira. Cifukwa cace tiika mlandu pabwalo, kuti inu a m'mbali mwa nyanja, a ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Lifuwu, kwa Maganga ndi kwa Khombedza, muumve ndi kuuweruza. Mau athu ndi awa: ndalama ya zaumoyo iyambe yakwaniritsa zinthu za mtengo wocepa zopulumutsa ambiri, ndipo zokoma m'maso zilindire pambuyo. Kuno kunyanja, kumene malungo ndiwo adzaza mabedi a ana, zoyamba mwa zinthu zotere ndi zinai, ndipo tizichula posacedwa.

Tiyambe tamdziwa mdaniyo. Malungo sacokera ku nzimbe zosakhwima, kapena ku kubvumbwa ndi mvula, monga anenabe ena. M'caka ca 1880 dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, anaona tizirombo tace m'magazi a wodwala ku Algeria. Ndipo mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Udzudzu waukazi wa mtundu wochedwa Anopheles uluma munthu wodwala, tizirombo tikula m'kati mwace masiku 10 kapena kuposerapo, ndipo ukaluma munthu wina umpatsira. Uluma makamaka usiku, anthu ali m'tulo. M'thupi la munthu tiziromboti tiyamba takhala m'ciwindi, pambuyo pace tilowa m'magazi ndi kuwaononga. Ndico cifukwa cace mwana wodwala malungo kawiri kawiri ayera m'manja ndi m'zikope. Ndipo tikafika ku ubongo mwanayo akomoka.

Dziko lathu la kunyanja ndiwo munda wa udzudzu umenewu. Kuli kutentha, kuli madambo a Linthipe ndi Lifidzi, kuli minda ya mpunga ya ku Lifuwu, ndi zithaphwi za dzinja pa khomo liri lonse. Ndiponso mtundu wina wa Anopheles, wochedwa funestus, uswana m'madambo a udzu amene saphwa, kotero kuti ngakhale m'cirimwe malungo satha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 478,000 m'boma la Salima, ndipo onsewa agona pafupi ndi mdaniyo. Bungwe la zaumoyo la maiko onse, la WHO, linawerengera kuti mu 2023 anthu ngati 597,000 anafa ndi malungo pa dziko lapansi. 95 mwa 100 ali onse anali a mu Africa, ndipo mwa iwo atatu mwa anai ali onse anali ana osafika zaka 5.

Tsono tisuzumire m'thumbamo. Ndalama zonse za zaumoyo m'Malawi, za boma, za maiko othandiza ndi zoturuka m'matumba a odwala eni ace, zikagawidwa kwa anthu onse, munthu mmodzi agawiridwa ngati madola 40 a ku America pa caka cathunthu. Ndipo kwa zaka zambiri zoposa theka la ndalamazi zacokera kunja. Kuyambira 2004 boma lakhala ndi mndandanda wa cithandizo coyenera kuperekedwa kwaulere, umene poyamba anauchula Essential Health Package. Mndandandawo unatalika kuposa ndalama zace: zolonjezedwa pa pepala zinacuruka, koma wodwala pofika pa zenera la mankhwala anauzidwa kuti akagule yekha. Poukonzanso mu 2017, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi ophunzira a ku University of York, ku England, anawerengera kuti m'Malawi madola 61 ali onse olowa m'nchito za cipatala abwezera munthu caka cimodzi ca moyo wathanzi.

Cherani khutu ku tanthauzo la ciwerengero ici, pakuti mlandu wonse wagona pamenepa. Boma likaononga madola 610 pa cinthu cimene cibwezera munthu mmodzi caka cimodzi, lapeza caka cimodzi, koma lataya zaka 10 zimene ndalama yomweyo ikadagulira anthu ena. Otayikawo sitiwaona pa tsiku la cikondwerero, pakuti sadza ku msonkhano, ndipo maina ao salembedwa pa mwala wa pakhomo. Aikidwa m'manda a kumudzi mwakacetecete. Mlimi wokhala ndi lichero limodzi la mbeu sabzala pa thanthwe cifukwa cakuti thanthwelo liri pa mseu poonekera. Afuna nthaka imene idzabweza zocuruka. Nzeru imeneyi, imene mai ali yense aidziwa m'munda mwace, ndiyo tiipempha kwa osunga cuma ca dziko.

Zinthu zinaizo ndi izi. Coyamba ndi neti yonyikidwa m'mankhwala. Mtengo wace pogula zambiri pamodzi uli ngati madola 2. Ifunda anthu awiri, ndipo yosamalidwa bwino ikhala zaka ziwiri kapena zitatu. Sicinjiriza wogonamo yekha ai, komanso ipha udzudzu wotera pa iyo, kotero kuti mudzi wogona m'maneti ucinjiriza ngakhale mlendo wogona pa khonde. Atasonkhanitsa zopeza za m'maiko ambiri, ofufuza anaona kuti mwa ana 1,000 ogona m'maneti otere, ana 5 kapena 6 apulumuka ku imfa caka ndi caka. Anawerengeranso kuti pakati pa 2000 ndi 2015 matenda a malungo okwana 663 miliyoni analetsedwa mu Africa, ndi kuti 68 mwa 100 ali onse analetsedwa ndi neti.

Caciwiri ndico kuyeza magazi ndi kupereka mankhwala a LA. Kuyambira 2011 zipatala zathu ziri ndi kacipangizo kofuna dontho limodzi la magazi a ku cala, kamene kayankha mphindi 20 zisanathe. Ndipo LA, amene analowa m'dziko muno mu 2007, aciza mwana m'masiku atatu pa mtengo wosafika dola imodzi. Kuyeza kupulumutsa ndalama ndi moyo womwe, pakuti si kutentha thupi kuli konse kumene kuli malungo: mwana wa cibayo akapatsidwa LA, mankhwala atayika ndipo cibayo cikula.

Cacitatu ndi Fansidar wa amai apakati ku sikelo. Malungo abisala m'thupi la mai wapakati, namcepetsera magazi, ndipo mwana abadwa wocepa thupi kapena masiku asanakwane. Dziko la Malawi ndilo linayamba mu Africa, m'caka ca 1993, kupatsa amai mankhwala awa mocinjiriza, atawayesa kwa anansi athu a ku Mangochi. Masiku ano mai ayenera kuwalandira katatu kapena kuposerapo asanacire.

Cacinai ndiye wazaumoyo wa kumudzi wokhala ndi bokosi la mankhwala. Kuyambira 2008 alangizi a zaumoyo a m'midzi ya kutali aloledwa kuciza ana ang'ono malungo, cibayo ndi kutsegula m'mimba. Malungo a mwana salindira: amene aseweretsa anzace lero m'mawa akhoza kukomoka mawa usiku, ndipo m'dzinja, mitsinje itadzaza, njira ya ku cipatala ca ku boma italika kawiri. Mankhwala amene ali m'mudzi momwemo tsiku loyamba aposa bedi la ku boma tsiku lacitatu.

Kodi zinai izi zinagwira nchito? Pamene anayeza magazi a ana osafika zaka 5 m'dziko lonse mu 2010, ana 43 mwa 100 anapezeka ndi tizirombo ta malungo. Mu 2017 anali 24. Mu 2021 sanafike 11. Palibe nyumba ya nsanjika imene inacita ici. Anacicita maneti ogawidwa m'midzi mu 2012, 2016, 2018 ndi 2021, ndi timapiritsi, ndi anthu a pa njinga.

Ife a ku Salima tiri nalo phunziro lathu lathu la za mtengo. Mu 2007 anayamba kupopera mankhwala pa makoma a nyumba ku Nkhotakota, ndi thandizo la boma la America, ndipo mu 2010 nchitoyi inafika kuno. Kupopera ndi cida cabwino, ndipo sitikunyoza. Koma pa nthawi yomweyo kunadziwika kuti udzudzu wa funestus wa kunyanja unazolowera mankhwala a mtengo wocepa amene anali kugwiritsidwa nchito. Pa cilumba ca Likoma anauyesa naupeza wosafa nao. Anasintha natenga mankhwala ena a mtengo wapatali, amenenso mphamvu yao pa khoma inatha msanga. Ndalama sizinakwanire maboma awiri. Caka cotsatira Salima anasiyidwa, ndipo posakhalitsa thandizolo linaimitsidwa ku Nkhotakota komwe, kufikira 2018. Kupopera kufuna kubwerezedwa caka ndi caka, nyumba ndi nyumba. Kukalekeka, udzudzu ubwerera. Ticiphunzirapo ciani? Kuti cinthu cabwino cimene sitingathe kucilipira caka camawa sicikhala maziko. Cingakhale denga, maziko atayalidwa kale.

Tidziwa kuti alipo otsutsa mau awa, ndipo ayenera kuyankhidwa. Ena ati: kodi moyo wa munthu uli ndi mtengo, kuti muuwerengere m'madola monga mbuzi? Tiyankha kuti moyo ulibe mtengo, koma mankhwala ali nao. Wokana kuwerengera sanathawe kusankha. Wangolola kuti asankhe ndi amene ali ndi mau akuru ndi galimoto, pamene mwana wa msodzi wa kwa Kuluunda alibe womlankhulira. Kuwerengera ndiko kumuika mwanayo pa muyeso umodzi ndi mwana wa bwana.

Ena ati: nanga a nthenda ya shuga, a khansa, a impso, kodi iwo si anthu? Ndi anthu ndithu, ndipo kuwawa kwao sikucepa. Sitinena kuti malungo ndiyo nthenda yokha. Akatemera a ana, madzi a Thanzi, mankhwala a cifuwa cacikuru ndi ma ARV akhala pa mzere womwewo wa zocepa mtengo zopulumutsa ambiri. Koma pamene boma litumiza wodwala mmodzi ku India, lidziwe, ndipo liuze anthu poyera, kuti ndalama ya ulendo umodziwo ikadagula maneti a midzi yambiri. Likasankha kutero lingathe kukhala ndi zifukwa zace. Cimene tikana ndico kusankha mumdima. Ndiponso bedi liri lonse limene mwana wa malungo sanagonepo, ndi botolo liri lonse la magazi limene sanalifune, zitsalira odwala enawo.

Enanso ati: katemera wa malungo wafika, maneti ngacikale. Ndi zoona kuti pa 23 Epulo 2019 dziko la Malawi linayamba, lisanayambe dziko lina liri lonse, kubaya ana katemera wa RTS,S m'maboma 11, ndi kuti WHO inambvomereza mu 2021. Tikondwera naye, ndipo mai ali yense amene katemerayu wafika kwao apite naye mwana kanai konse. Koma katemerayu acepetsa malungo, sawatha. Mtengo wace pa mwana mmodzi uposa wa neti kutali. Ndipo amene anampanga anena okha kuti agwira nchito pamodzi ndi neti. Wotaya khasu cifukwa wamva kuti kwa mfumu kwafika thirakitala adzagona ndi njala.

Tsono titembenukire kwa inu akuru, aphungu ndi makhansala. Mu Epulo 2001, ku Abuja m'dziko la Nigeria, atsogoleri a Africa analonjeza kupatula 15 mwa 100 ya ndalama za boma kuti zipite ku zaumoyo. Zaka zambiri dziko lathu silinafikepo, ndipo maneti ndi mankhwala a malungo akhala akugulidwa makamaka ndi thumba la Global Fund ndi boma la America. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lace la kunja, ndipo m'caka comweco bungwe la USAID linatsekedwa. Wodya m'mbale ya mwini sadziwa tsiku limene mbaleyo idzacotsedwa, tsikulo taliona. Ndipo boma lalonjeza kutha malungo pofika 2030. Kodi lidzawatha ndi ndalama za yani?

Tidziwa cimene cikoka mtima wanu. Nyumba yatsopano ioneka, ijambulidwa, ilandira mwala wolembedwa dzina. Koma mwana amene sanadwale saoneka, ndipo palibe amene abvina cifukwa ca maliro amene sanacitike. Cifukwa cace zipupa zikwera, pamene bokosi la wazaumoyo liri gwa, lopanda LA. Ndipo ife okhala m'mbali mwa mseu wa ku Senga Bay tiziona galimoto zazikuru zocokera ku Lilongwe, zonyamula anthu odza ku misonkhano m'mahotela a kunyanja, kudzakambirana za umoyo wa osauka ndi kulandira alawansi. Msonkhano wina ngwofunika, sitikana. Koma tifunsa: alawansi ya usiku umodzi ya munthu mmodzi igula maneti angati? Werengani nokha, ndipo mukawerenga mutiuze.

Koma mlandu uwu sutsiriza ndi akuru okha. Abale, neti imene inadza kuno ndi ndalama za anthu a kutali iri kuti lero? Ina yasokereredwa ku cilimila, ina yasanduka khoka la ana m'mbali mwa bango, ina yamangidwa mpanda wa dimba, ina isunga anapiye, ina ayanikapo usipa. Ciweruzo cimene tapereka kwa phungu citigwera ife tomwe, pakuti nafenso tasankha cooneka lero, ndi kusiya cosaoneka. Ndipo kutaya kwace nkuwiri. Mwana agona poyera, udzudzu numdya. Ndipo maso a neti ndi ang'ono kotero kuti ikokolola kasawala ndi timwana ta nsomba zonse, zimene zikadakula ndi kuswa. Ndico cifukwa cace malamulo a usodzi ailetsa. Wowedza ndi neti ya udzudzu adya cambo ca caka camawa cisanakule.

Mudzati: njala ndi ya lero, malungo ndi a mawa. Njalayo tiidziwa, ndipo sitiinyoza. Koma werengani ndi ici comwe. Mwana akadwala m'mwezi wa Febuluwale, mai asiya munda sabata lathunthu pa nthawi yopalira ndi yobandira. Bambo alipira kabaza wa ku cipatala, agula panado ku okala, agulitsa nkhuku, kapena akongola katapila. Kambale ka usipa kamene netiyo inakoka sikafika pa mtengo umenewu. Ndipo mwana akapita, madzi akatayika saoleka.

Palinso ena amene ampatsa mwana LA tsiku limodzi kapena awiri, naona kuti thupi lazizira, nasungira mapiritsi otsala mwana wina. Kumbukirani cimene cinacitikira chloroquine. Anali mankhwala a mtengo wocepa kopambana. Koma tizirombo tinamzolowera, kufikira mu 1993 dziko lathu linamsiya, loyamba mu Africa yense. Fansidar amene anamlowa m'malo anafookanso pa kuciza, nasiyira LA malo mu 2007. Tsopano ku Rwanda ndi ku Uganda kwaoneka kale tizirombo tocedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa LA. Mankhwala osatsiriza apha tizirombo tofooka nasiya tolimba, ndipo mwanayo adwalanso. Mwetsani kawiri pa tsiku, masiku atatu, kufikira pepala litatha.

Wina asanene kuti anthu a kunyanja sangathe kudziletsa. Pa cilumba ca Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira m'boma lomwe lino, usodzi utsekedwa caka ndi caka kuyambira Disembala kufikira Epulo, kuti nsomba ziswane. Ndipo lamulo limeneli lasungidwa zaka makumi ambiri ndi mphamvu ya mfumu ndi anthu ace. Anthu amene adziwa kuleka nsomba ya lero cifukwa ca nsomba za mawa adziwa kale nzeru yonse imene tainena m'nkhani yino. Cotsala ndico kuitenga pa doko ndi kulowa nayo m'nyumba.

Cotero tipempha izi. Inu mafumu ndi a makomiti a pa doko, neti ya udzudzu yopezeka m'madzi ikhale mlandu wa pa bwalo, monga mlandu wa woba m'munda wa mnzace. Inu amai ndi abambo, neti ikang'ambika muisoke, ndipo ipacikidwe usiku uli wonse, m'cirimwe momwe. Mwana akatentha thupi akayezedwe dzuwa la mawa lisanalowe. Ndipo mai wapakati ayambe sikelo msanga. Inu a makomiti a citukuko, phungu akadza ndi mau a nyumba yatsopano, mumlandire ndi ulemu, ndipo mumfunse mafunso anai: Kodi nyumba iri yonse iri ndi maneti okwanira? Kodi zoyezera magazi ndi LA zinasowapo caka cino? Kodi Fansidar alipo ku sikelo? Kodi wazaumoyo wathu akhala m'mudzi, ndipo bokosi lace liri ndi kanthu? Akayankha inde ku onse anai, mumthandize kuumba njerwa ndi manja anu. Akapanda kutero, mumuuze kuti njerwa zilindire, ndipo pa msonkhano wotsatira mumfunsenso mafunso omwewo.